Ndipangireni yofanana ndi ya abambo

Ayi, sindinagule ina. Ndi yomwe ija.

Ndayamba ndi yankho chifukwa funso limeneli landitopetsa sabata ino. Kuno ku Milange, kumsika, pakhomo la tchalitchi, ngakhale a kabaza a ku furontera, kumalire kuja, akundiimitsa: "Achimwene, karinya yobiriwira tinaiona ikulowera msewu wa ku Molumbo ija mwagula kuti?" Ochenjera akufunsa mwina: "Wakudzutsirani ndani?"

Dzina ndikupatsani, musade nkhawa. Koma mundilole ndiyambe ndafotokoza, chifukwa ndikangolitchula pano muthamangira komweko ndi zitsulo zanu zothyoka m'manja, n'kukanena mawu omwe ndinakanena ine. Ndipo mawuwo ndi amene ndikufuna tikambirane lero.

Amene mumadutsa kuseri kwa msika mukuidziwa karinyayi, galimoto ya katundu kumbuyo. Ndi ija inakhala pa njerwa pansi pa mango kwathu mpaka ana a m'bayiro, dera lathu lino, anaitcha khola la nkhuku. Sankanama ana aja. Nkhuku za amake Rozita, akazi anga, zaswera m'menemo mibadwo ndi mibadwo.

Inali ya abambo anga. Titabwerako ku kampu ya othawa kwawo ku Malawi, nkhondo itatha, anaitenga kwa bwana wina wa sitolo amene ankamuyendetsera, ili yotha kale. Ndiyo inkatuta anthu obwerera kwawo: mphasa, mapoto, mabulangete, mbuzi yomangidwa miyendo, eni ake pamwamba pa katundu akuloza kumene kunali mudzi wawo. Kuyendetsa ndinaphunzirira pomwepo, nditakhala pambali pawo, ndipo kunena zoona galimoto ina sindinayendetsepo. Ine ndine wokonza njinga, mukudziwa.

Abambo atamwalira tinakawaika kwawo ku Molumbo, ndipo galimoto nayo inagona.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuidzutsa pang'onopang'ono, Lamulungu lililonse tikaweruka ku Misa. Injini yake inali itafa, ndiye ndinapeza ya dizilo ya chapa ina, minibasi yonyamula anthu, imene inagubuduka. Ndinaonjezera masipuling'i kumbuyo ndi kutsogolo kuti ikwere m'mwamba, chifukwa msewu wa ku Molumbo suseka ndi galimoto yogwada. Kumbuyo ndinakhoma matabwa atsopano. Anthu ankati ndapenga. Mwina. Ena amapenga ndi mowa, ena ndi mpira, ine ndinasankha misala yokhala pakhomo.

Mwezi watha kunabwera achemwali anga aakulu, a Luwiza, a ku Mongue. Kwathu mawu omaliza ndi awo. Anaizungulira galimoto ija kamodzi, n'kutolapo dzira pampando wa woyendetsa.

"Zuze," anatero, "chaka chino chiliza cha abambo timanga mvula isanagwe. Tazengereza mokwana. Manda aja atsala pang'ono kusowa."

"Ndamva, achemwali."

"Simenti ipita pa galimoto yawoyi, Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa. Ikakanika, ndayankhula kale ndi a sukata. Adzaidule, tipezere galimoto ya eni ake yotitengera."

A sukata mukuwadziwa, anyamata ogula zitsulo zakutha aja. Akafika ndi moto wawo wodulira, pofika madzulo pamatsala dontho la mafuta pansi ndi njerwa basi.

Sindinawatsutse achemwali. Munthu akakuuza kuti manda akusowa, pamene galimoto ya mwini manda ikuswetsa nkhuku, uyankha chiyani?

Ndiye ndinagwira ntchito ngati wolumidwa ndi linthumbu. Kumayambiriro kwa sabata yathayi injini inatsokomola, n'kutsokomolanso, kenako n'kulira. Tinaitsitsa pa njerwa. Ndinaiyendetsa kuchoka pa mango kufika pachipata, amake Rozita akululutira, nkhuku zikuthawa. Pokhotera kumsewu ndinangomva kuti kha. Gudumu lakutsogolo lakumanzere linapendekera m'kati ngati mwendo wa matewe.

Nditamasula ndinapeza kuti yathyoka ndi pini. Amene simudziwa, zili chonchi. Kutsogolo kwa galimoto zakalezi kuli mtanda wachitsulo umene magudumu awiri amagwirapo. Kumapeto kwa mtandawo kuli bowo, ndipo m'bowomo mumalowa pini yonenepa ngati nzimbe yaing'ono. Gudumu likamakhota limazungulira pa piniyo, monga chitseko pa mahinjesi. Ikathyoka, galimoto ilibe mwendo.

Ndinazungulira masitolo onse a zipangizo. Ndinaolokanso ku Muloza. Aliyense akaiona ankaseka. Wina anati, "Bambo, galimoto imeneyo zitsulo zake zinatha ine ndisanabadwe."

Pronto, basi. Kunatsala njira imodzi, kukasemetsa pa tornu.

Tornu ndi makina aja amagwira chitsulo n'kumachizunguza, mpeni n'kumachisenda ngati chinangwa mpaka chifike pa msinkhu umene ukufuna. Kuno ali nawo alipo angapo, koma akale ndi akulu aja a kuseri kwa chigayo, amene tonse timangowati a mesitire, kunena kuti mmisiri wamkulu. Khutu limodzi linafa ndi phokoso, magalasi amamangira lekeni, ndipo pakamwa pawo sipadutsa mawu a shuga.

Ndinapeza mzere. Wina wanyamula shafiti ya chigayo, wina kachitsulo ka mjigo, wina ka njinga yamoto. Ndipo tamverani bwino apa. Aliyense akafika ankaika chitsulo chake patebulo n'kunena mawu amodzimodzi: "Mesitire, ndipangireni chofanana ndi ichi." Ndi m'mene timachitira kuno. Tilibe mabuku a manambala a zipangizo, tilibe zojambula. Chitsanzo chathu ndi chothyokacho. Ngakhale kwa ine pa njinga anthu amabwera choncho, atakulunga kachitsulo m'kansalu ngati mankhwala.

Nthawi yanga itakwana, inenso ndinatero.

"Mesitire, ndipangireni yofanana ndi iyi."

Anatenga zidutswa ziwiri zija, n'kuzilumikiza, n'kuzigubuduza patebulo ndi chikhatho. Pini sinagubuduke bwino. Inkatsimphina.

"Yofanana ndi iyi?"

"Eya, mesitire."

"Ndi chiuno chake chomwechi?"

Anandionetsa pakati. Mbali imodzi inali itadyeka ndithu, yalowa m'kati ngati chiuno cha mavu.

"Ndiye ukufuna ndikusemere nkhalamba yatsopano," anatero.

A pamzere anaseka, kuiwala kuti nkhalamba zawo zili m'manja. Koma a mesitire sanaseke nawo. Analavulira kumutu kwa pini, n'kupukuta ndi chala, n'kuiyandikiza ku magalasi. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe ndiwe mwana wa Fabiyano."

"Ndine, mesitire."

"Pini iyi ndinapanga ndine."

Ndinkayesa nthabwala, koma anandionetsa mikwingwirima ya tupa kumutu kwake. Nkhani yake ndi iyi. Chaka chimene anthu ankabwerera, tauni ino inalibe magetsi, ndipo tornu yawo inali chigonere yopanda mota. Abambo anafika wapansi ndi pini yeniyeni ya galimotoyo itathyoka, anthu ndi katundu atawasiya panjira. Awiriwo anadula shafiti ya chigayo chowotchedwa, n'kuipala ndi tupa mosinthana mpaka manja anatuluka matuza. Inatuluka yowonda pang'ono. Pamene panatsala mpata anaphatikapo kachigamba ka chitini cha mafuta ophikira a ku kampu.

"Ndinamuuza bambo wako kuti, Fabiyano, iyi ndi yongofikira nayo kumene ukupita. Magetsi akabwera udzabwere tidzapange yeniyeni." Anaiika patebulo. "Magetsi anabwera. Fabiyano sanabwere."

"Chifukwa chiyani?"

"Inkayenda. Unaonapo munthu akupita kuchipatala ndi mwendo umene ukumufikitsabe kumunda?"

Ndinati chabwino, ndiye pangani yosadyeka, mungoyerekeza m'mene inalili ili yatsopano. Anapukusa mutu.

"Ndiyerekeze chiyani? Imeneyi ili yatsopano inali yolakwika kale. Tandiuza, injini ndi yomwe ija?"

"Ayi, ndaika ya dizilo ya chapa."

"Yolemera kuposa ija."

"Yolemera."

"Masipuling'i?"

"Ndaonjezera."

"Ndiye katundu waonjezera, msinkhu waonjezera, koma khosi ukufuna lakale lomwe lija. Mwanawe, pini siyezedwa pa pini inzake. Imayezedwa pa bowo limene ikukakhala ndi pa katundu amene ikukasenza. Pita ukabweretse mtanda wonse."

Kuchotsa mtanda ndiye kuti kumasula kutsogolo konse kwa galimoto, zonse zimene ndinamanga ndi manja angawa, Loweruka lili pakhomo. Pamene kungokopera pini inali ntchito ya m'mawa umodzi.

"Mesitire, nthawi ndilibe. Achemwali aitana kale a sukata."

"A sukata ndi abale anga, amandibweretsera zitsulo zabwino," anatero. "Yako ikafika kwa iwo ndikatengako mtandawo. Wotsatira."

Pobwerera ndinadutsa pa ofisina ina, malo osemera zitsulo a mnyamata wa tornu yatsopano. Iye sanafunse za injini, sanafunse za bowo. Anangoiyang'ana n'kunena kuti, "Mawa masana mudzatenge." Ndinaima pamenepo ndithu, pini ili m'manja. Mawu amenewo amakoma, abale, makamaka achemwali ako akakhala a Luwiza. Ndipo sindikumunyoza mnyamatayo. Amapanga chimene wauzidwa, ndipo omuuza ndife.

Amene anandibweza ndi amake Rozita. Nditawafotokozera zonse, za pini sanayankhepo. Anangofunsa kuti, "Loweruka pamwamba pa simenti pakhala ndani?"

"Inu ndi Rozita."

"Ndiye kamasuleni, bambo ake Rozita."

Ndinamasula. Mtanda tinaukweza pa tchova, ngolo yokankha ija, n'kudutsa nawo pakati pa msika anthu akuonerera. Tsoka lake, tsiku lomwelo ndi limene achemwali anafika kuchokera ku Mongue kudzagula simenti. Anapeza galimoto yabwerera pa njerwa, kutsogolo kulibe gudumu ngakhale limodzi.

"Zikomo, Zuze," anatero. "Wawayambira ntchito a sukata."

Ku ofisina a mesitire analowetsa kachoyezera kawo m'bowo la mtanda, uku ndi uku, n'kundikodola. Bowo silinali lozungulira. Linali ngati dzira. Zaka zonse zija pini yowonda inkagunda mbali imodzi mpaka inadzikumbira pogona pake. Ndikanaika yatsopano m'menemo, kaya yowala bwanji, ikanakangogona m'dzira lomwelo, ndipo tsiku lina pa chitunda china ikanandiuzanso kuti kha.

Anayamba ndi bowolo, kulipala mpaka lazungulira. Kenako anakatenga shafiti ya lole yakufa kuseri kwa ofisina, n'kudulako, n'kumanga pa tornu. Amene simunaonepo, tsiku lina mudzapite mukangoonerera. Chitsulo chimene hamala imachilephera chimasendeka ngati khungwa, makoko ake akupiringizika, otentha, obiriwira ngati khosi la bakha. Asende pang'ono, aimitse, ayeze, asendenso. Pakati pa ntchito magetsi anazima, monga amachitira. Ine mtima uli m'mwamba, iwo anangotulutsa nzimbe n'kukhala pa chitini.

"Bambo wako ankagwira tupa ngati akupala mamba a nsomba," anatero akutafuna. "Koma sankatopa. Ine ndikati tipume, iye akuti kuli ana panjira."

Magetsi atabwera anamaliza, n'kusemanso timphete ta mkuwa toti pini izizunguliramo, n'kuwotcha piniyo mpaka yafiira, n'kuiviika m'mafuta akuda. Anapanga ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja, ngakhale ine ndinabwera ndi dandaulo la imodzi. Akuti miyendo iwiri siivala nsapato zosiyana. Yatsopanoyo inali yonenepa kuposa ya abambo, moti ukaziika pamodzi sunganene kuti ndi za galimoto imodzi. Inalowa m'bowo ndi kahamala kakang'ono, yosagwedera, yosakakamira.

Yakale ija anandiponyera.

"Tenga. Yafika kumene inkapita."

Loweruka m'mawa tinakweza simenti. Amake Rozita ndi Rozita kumbuyo, achemwali kutsogolo pambali panga, pampando umene ankakhalapo ali mtsikana. A sukata anabwera ndithu kudzaona, anaima patali ngati akhwangwala pa msika wa nyama. Podutsa ndinawaimbira hutala.

M'tauni ndinkayenda pang'onopang'ono, sindinazindikire kanthu. Koma titatuluka, msewu utatseguka, ndinayamba kumva kuti galimoto ikuthawira kumanja. Ndibweze, ithawenso. Ndibweze, ithawenso. Mumtima ndinayamba kuwanenera a mesitire: andimasulitsa galimoto yonse kuti andipatse yokhota. Pa kona ina kunatulukira bambo wa njinga ya makala. Ndinamuphonya ndi mpata wa chikhatho, ife n'kukathera m'munda wa nandolo wa eni ake, kumanja kwa msewu.

Palibe anavulala. Bambo wa makala ananena mawu ake m'Chilomwe amene sindilemba pano, n'kupitirira.

"Atipusitsa akulu aja," ndinatero. "Ikukokera kumanja."

Achemwali sanayang'ane gudumu. Anayang'ana ine.

"Usasunthe. Tayang'ana manja ako."

Ndinayang'ana. Dzanja lamanja lili pansi, likukanikiza chiwongolero, lamanzere lili pamwamba, phewa lapendekera kuchitseko. Injini yazima, galimoto yaima, koma ine ndikukokabe.

"Ndi m'mene ankakhalira abambo," anatero achemwali, mawu atatsika. "Ndakhala ndikukuyang'ana chichokereni ku Milange. Ndimayesa ndakwera ndi iwowo."

Ndi pamene ndinamvetsa. Galimoto ya abambo inkakokera kumanzere masiku ake onse, chifukwa cha pini ija. Kuti iyende mowongoka, iwo ankaikokera kumanja osalekeza. Ine pophunzira ndinaona manja awo, n'kuyesa kuti kuyendetsa galimoto ndi kumeneko. Palibe anandiuza kuti akulimbana ndi chilema. Mwina iwonso anali ataiwala. Tsopano chilemacho a mesitire anachichotsa mu mtanda, koma chinatsala m'mapewa mwanga.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Molumbo ntchito ya achemwali inali imodzi, kundimenya pamkono ndikayamba kukoka. "Leka. Yachira." Mkono unachita kutupa.

Msewu umene uja ndi wautali, ndipo munthu amaganiza.

Ndi zingati zimene tikukokerabe kumanja, ife ana a anthu obwerera?

Tayang'anani nkhokwe. Kapena ndinene kuti tafunafunani nkhokwe. M'midzi imene tinadutsa, chimanga chikangouma chimakwera njinga kupita ku furontera, ndipo nthawi ya njala eni ake omwewo amakachigulanso chitadula. Ndikudziwa, pali anankafumbwe, pali sukulu, pali matenda, munthu sagulitsa chifukwa chokonda. Koma ndikukumbukanso amayi anga akunena kuti nkhokwe yodzaza imaitana mfuti. Nthawi imeneyo zinali zoona. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Mwambi umenewo unapulumutsa anthu. Nanga lero moto wake uli kuti? Kapena ena a ife tikungotonola chifukwa ndi m'mene tinaonera manja a makolo?

Tayang'anani mazenera a nyumba zatsopano m'bayiro mwathu. Njerwa zowotcha, malata owala, koma zenera loti mphaka achite kuwonda kuti adutse. Mukamufunsa mmisiri akuti mwini nyumba anati ikhale ngati ya kwawo. Ya kwawoyo anamanga ndi munthu amene sankafuna kuti nyali ioneke kunja.

Ndipo mwana akafunsa funso pagulu, mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwathu ndi ati? Khala chete. Amayi athu ankatseka ana pakamwa m'tchire chifukwa kulira kwa mmodzi kukanaphetsa onse. Ife tikutseka ana pakamwa pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, kenako n'kumadabwa kuti kusukulu sayankha.

Panjira yomweyo tinaoloka kamlatho ka mitengo. Ndikukakumbuka kuyambira masiku a abambo, kanaikidwa kongoyembekezera. Mitengo ikaola, anthu amadula ina ya msinkhu womwewo n'kuigoneka momwemo. Chofanana ndi ichi. Koma kale pankadutsa njinga ndi karinya ya abambo, lero pakudutsa malole a nandolo. Alipo anabwera kudzayeza katundu?

Ine sukulu sindinapite nayo patali, mwina ophunzira ali nalo dzina la zimenezi. Ndipo musandimve molakwa. Sindikunena kuti tsobola wakale sawawa. Mtanda umene a mesitire anaupala ndi wakale womwewo, ndipo anaugogoda ndi hamala n'kunena kuti chitsulo chotere masiku ano kulibe. Sanandiuze kuti taya galimoto. Anangokana kukopera pamene panadyeka. Chovuta n'chakuti zimene makolo anatisiyira zimabwera m'thumba limodzi, chitsulo chabwino ndi chigamba cha chitini, ndipo zonse zimanunkha thukuta lawo. Kusankhula kumawawa. Ukachotsa chigamba umamva ngati wawanyoza.

Inenso ndinamva choncho. M'munda wa nandolo muja, nditamasula manja, kwa kanthawi ndinamva ngati ndawatsitsa abambo m'galimoto yawo yomwe.

Koma kodi iwo ankafuna kuti ndizikoka? Akanapeza pini yabwino chaka chija, akanaikana? Munthu amene anapala chitsulo ndi tupa mpaka matuza sankaika lamulo loti adzukulu azitsatira. Kunali ana panjira, ankangofuna afike.

Ife tinafika. Abale anali atasonkha kale mchenga ndi njerwa. Manda analidi atatsala pang'ono kusowa, tinachita kuwazindikira ndi mwala umene amayi anaika kumutu. Amisiri anamanga, ndipo pamene ankathira simenti yomaliza pamwamba, achemwali anandikoka malaya.

"Chitsulo chija uli nacho?"

Ndinali nacho m'thumba, zidutswa zonse ziwiri. Chichokereni ku ofisina sindinadziwe choti ndichite nacho. Kutaya kunkandikanika, kusunga ndinkaopa.

Anazitenga, n'kugwada, n'kuzikanikiza mu simenti yaiwisi kumiyendo kwa chiliza mpaka zamira, n'kusalaza ndi chikhatho.

"Ichi n'chawo," anatero. "Anachivutikira okha. Chikhale kuno, wina asadzachitengenso kukapangitsa chofanana."

Pobwerera ankandimenya pamkono mwa apo ndi apo. Titafika pa mango anatsika, n'kuizungulira galimoto kamodzi monga tsiku lija, n'kunena kuti, "Nkhukuzi uzimangire khola lawo." Za a sukata sanatchulenso.

Ndiye inu amene mwakhala mukundiimitsa, ndi zitsulo zanu m'tinsalu: pitani, koma musakanene kuti chofanana ndi ichi. Akakutumani kukatenga mtanda wonse, musakwiye. Ndipo musananyamuke, tayang'anani kaye manja anu. Akukoka chiyani chimene chinachira kale?

Kuseri kwa chigayo. Mukayankhule mokweza, kukhutu lamanja, ndipo akakunyozani mungopirira. Dzina lawo ndi a Sipiriyano Muhala.